M'mabuku odzikonda amagwa, nanga enieniwa bwanji amafera pabedi?

mlonda_wa_usiku, Rosettenville

Moni nonse abale a kuno ku Joni. Pali nkhani yandikhala pamtima nde ndati ndifunse akuluakulu amene munawerengako kuposa ife. Ine yanga ndi ya ulonda, naiti shifiti, nde mpata wowerenga umapezeka, ndakhala ndikubwereza Macbeth wa Shakespeare uja tinkalimbana naye ku sekondale. Munthu uja sankasowa kanthu, mkulu wa asilikali, mfumu Duncan yangomukweza kumene, koma mtima osakhazikika mpaka kupha mfumuyo m'nyumba mwake momwe ili mlendo wake. Mapeto ake Macduff anamudula mutu. M'Baibulo namo Hamani anapachikidwa pa mtengo womwe anakonzera Moredekai. Nthano za agogo nazo fisi wadyera sankapulumuka. Nde ife tinakula tikudziwa kuti munthu wodzikuza komanso woganiza za mimba yake yokha mathero ake ndi manyazi basi.

Koma tayang'anani enieniwa. Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971, dzina lake pa bwalo la ndege, pa sitediyamu, pa chipatala, pa damu, munthu osalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi ya chipani. Mu 1983 nduna zitatu ndi phungu mmodzi, a Matenje, a Gadama, a Sangala ndi a Chiwanga, anapezeka atafa ku Mwanza nkumati ndi ngozi ya galimoto. Mlandu unadzazengedwa koma mu 1995 khothi linamupeza wosalakwa, anadzamwalira mu 1997 konkuno ku Johannesburg, pa Garden City Clinic, madokotala ali pambali, pano ali ndi chiliza ku Lilongwe. Mobutu anafera ku Morocco chaka chomwecho, Idi Amin ku Saudi Arabia mu 2003, Mugabe ku chipatala cha ku Singapore mu 2019 ali ndi zaka 95.

Funso langa nali, kodi olemba mabuku akalewa ankangotitonthoza mtima ife osauka kuti tizipirira poganiza kuti tsiku lina adzagwa? Komanso atsogoleri a masiku anowa ndi mtundu womwewo wa anthu a m'mabukuwa kapena ndi ena? Ndikufunsa moona mtima chifukwa zimandiwawa.

aphunzitsi_akale, Yeoville

Achimwene mwafunsa zakupsa. Ine ndinaphunzitsako Literature kumudzi ndisanabwere kuno ndipo ndinganene kuti mabuku sananame ayi, vuto timathamangira ku tsamba lomaliza kukaona ngati woipa wafa, osawerenga mitembo yomwe yagona m'njira asanafe. Macbeth pomafa nkuti mnzake Banquo atamuphetsa, mkazi wa Macduff ndi ana ake atawapha m'nyumba mwawo, dziko lonse la Scotland likulira. Mutu umodzi uja subweza onsewo.

Koma buku lomwe limafanana kwambiri ndi ndale zathu kwa ine ndi King Lear, la Shakespeare yemweyo. Mfumu yakalamba, ikufuna kugawa dziko kwa ana ake aakazi atatu, koma m'malo mofunsa kuti ndani angasamale anthu ikufunsa kuti ndani amandikonda kwambiri, nenani pagulu. Goneril ndi Regan ayankhula zotsekemera alandira zigawo zawo. Cordelia wakana kukometsa pakamwa, wati ndimakukondani monga mwana ayenera kukondera bambo ake, basi wathamangitsidwa wopanda kanthu. Kent, nduna yokhulupirika, wati mfumu mukulakwa, nayenso wapirikitsidwa tsiku lomwelo. Taonani kuti Lear sanabe ndalama, sanafune munda wa munthu, njala yake inali yofuna kutamandidwa basi, koma njala imeneyo ndi yomwe inapereka dziko m'manja mwa anthu oipa. Ndipo amene amati mabuku amatonthoza awerenge mathero ake, Cordelia wosalakwa uja amupachika m'ndende, bambo ake nkufa atanyamula mtembo wake.

Tsopano bwerani ku 1964. Tangolandira ufulu pa 6 July, miyezi iwiri yokha, nduna zikuuza Kamuzu kuti zinthu zina sizili bwino, nkhani ya tiki yolipira kuchipatala, kuchedwa kukweza a Malawi pa maudindo m'boma, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso kumawatchula kuti anyamata ake pamisonkhano pomwe anali anthu akuluakulu omwe anamuitana okha kuti abwere kudzatsogolera. Zotsatira zake Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Augustine Bwanausi anachotsedwa, Rose Chibambo nayenso, kenako Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula pansi maudindo. Orton Chirwa anadzafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Amenewo ndi a Kent athu. Atachoka iwo anatsala ndani? Oombera m'manja, ndipo kwa zaka pafupifupi 30 mfumu inkangomva nyimbo zoitamanda.

Bingu naye teremu yoyamba anthu tinamukonda, chimanga chinalipo. Atapambana ndi mavoti ambiri mu 2009 kunabwera ndege ya pulezidenti, kusintha mbendera mu 2010, doko la Nsanje kulitsegulira ndi mwambo waukulu sitima osafika. Mu April 2011 kazembe wa Britain anathamangitsidwa chifukwa cha kalata yomwe inanena kuti mkuluyo sakufunanso kudzudzulidwa. Thandizo linaima, tonse tikukumbuka zigubu pa filling station, ndipo pa zionetsero za 20 July anthu 20 anafa. Makolo ankati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Pomwe ndikuona kusiyana ndi apa. Lear anamutsekera kunja usiku wa mvula ya mkuntho, wopanda denga, ndipo ali konko ndi pomwe anakumbukira anthu ausiwa a m'dziko lake nkuvomera kuti sanawaganizirepo ali pampando. Wolemba anamuvula zonse kuti mvula imumenye ngati wina aliyense. Athuwa mvula siwapeza, akadwala ndege ilipo, magetsi akazima jenereta ilipo, ana awo sukulu ndi zakunja. Bingu atagwa pa 5 April 2012 anathamangira naye ku Kamuzu Central, chipatala chomwe anthu wamba ankadandaula kale za kusowa kwa mankhwala, nde mwina ndi tsiku lokhalo lomwe anakumana ndi dziko lenileni lomwe ankalamulira, koma nkuti mochedwa.

NaBanda_wa_Mvano, Turffontein

Zikomo aphunzitsi, ine za Shakespeare sindinapite nazo patali koma buku lakale lomwe ndimalidziwa ndi Baibulo, ndipo achimwene a mlonda ndikupemphani mukawerenge 1 Mafumu 21. Ahabu anali mfumu ya Israeli, nyumba zachifumu anali nazo, koma maso ake anagwera pa kamunda ka mpesa ka Naboti kamene kanali pafupi ndi nyumba yake ku Yezreeli, akuti akufuna adzalemo ndiwo zamasamba. Naboti anakana chifukwa chinali cholowa cha makolo ake. Mfumu yathunthu inakagona pakama, kutembenukira kukhoma, kukana kudya. Chomwe chimandigwira mtima ndi chakuti Ahabu sanatole mwala ngakhale umodzi. Yezebeli analemba makalata m'dzina lake nkudinda chidindo chake, akuluakulu a mumzinda omwe ankakhala ndi Naboti tsiku ndi tsiku ndi amene anaitanitsa msonkhano, napeza mboni ziwiri zonama, anthu wamba nkuponya miyala. Bwenzi mmodzi yekha mwa akuluakulu aja atati ayi izi sitichita. Palibe. Ndipo mukawerenga mpaka kumapeto kwa chaputalacho muona kuti Eliya atamudzudzula Ahabu anavala chiguduli, ndipo tsoka la pa banja lake linasunthidwa kuti lidzagwe m'masiku a mwana wake. Nde ngakhale Baibulo silinabise kuti nthawi zina wolakwa amadutsa, olipira nkukhala obwera m'mbuyo. Ife tili kuno tikuchapa ndi kusita m'nyumba za eni, ana tinasiya ndi agogo awo, si kulipira komweko kodi?

Winanso ndi Abisalomu pa 2 Samueli 15, ameneyo nde wandale weniweni wa masiku ano. Mnyamata wokongola wonyadira tsitsi lake, anadzipezera galeta ndi akavalo ndi anthu 50 othamanga patsogolo pake, nkumalawirira pachipata cha mzinda, aliyense wobwera ndi mlandu amamuuza kuti nkhani yako ndi yoona koma palibe wokumvera, bwenzi woweruza ndili ine. Munthu akafuna kumugwadira iye amamugwira dzanja nkumupsompsona. Si kampeni imeneyo? Anadzimangiranso chipilala nkuchitcha dzina lake iye ali moyo.

Koma ndinene za ife amayi poti zimatikhudza. Pa chikhalidwe chathu mbumba ndi imene imakhala pansi kusankha woti alowe ufumu, ndipo pomulonga amamulanga kaye, kumuuza kuti usamadye wekha, usamanyoze amasiye, uzimvera nduna zako. Nkhoswe ntchito yake ndi kusenza mavuto a mbumba. Nthawi ya Kamuzu zinatembenuka, iye Nkhoswe Nambala Wani, mbumba nkukhala yovina. Mayi anga ankatiuza momwe ankawanyamulira pa malole kupita kukavina, kusiya munda ndi ana, ena ankapita mokondwa inde koma ambiri ankaopa kuti ukakana a chipani akulemba dzina. Amenewo ndimawamvetsa, kunali ndende. Nanga lero kulibe wotimanga bwanji tikuvinabe chifukwa cha chitenje ndi kandalama ka sopo? Zimenezi zimandipweteka kwambiri kuposa za atsogoleriwo.

wa_njinga_ya_delivale, Berea

Madala ndi mayi ndakumvani ndipo ulemu wanu, koma ine ndikutsutsako pang'ono. Choyamba tisamaganize kuti kuwerenga mabuku amenewa kumachiza munthu. Kamuzu yemweyo anali munthu wowerenga heve, anamanga Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981 komwe ana amaphunzira Latin ndi Greek, mbiri ya mafumu a ku Rome ankaidziwa bwinobwino. Koma mu 1987 boma lake linatsekera Jack Mapanje, mlakatuli komanso mphunzitsi wa ku Chancellor College, ku Mikuyu opanda kumuzenga mlandu mpaka 1991. Nde munthu atha kuwerenga za mfumu yodzikuza nkumaona kuti akunena anthu ena.

Chachiwiri, funso la a mlonda loti kodi ndi mtundu womwewo, ine ndikuti ayi. Macbeth atapha munthu tulo tinamuthawa, paphwando ankaona mzukwa wa Banquo, mkazi wake ankayenda kutulo akusamba m'manja mpaka kufa. Anthu aja chikumbumtima chinkawadya. Amakonowa amagona tulo tabwino chifukwa saona magazi, amangosaina pepala. Tengani Nkandla, ndalama za boma pafupifupi R246 million pa mudzi wa munthu mmodzi, Jacob Zuma ali pulezidenti, ati chitetezo, mkatimo muli khola la ng'ombe, la nkhuku, ndi damu losambiramo lomwe nduna inaima pamaso pa dziko nkunena kuti ndi lozimitsira moto. Mu 2013 ndege ya alendo a ukwati wa a Gupta, amalonda anzake a Zuma, inatera pa Waterkloof, bwalo la asilikali. Zondo Commission yofufuza za katangale m'boma inakhala kuyambira 2018 mpaka 2022 kumva momwe Eskom, Transnet ndi SAA zinadyedwera, nde pomwe tinkakhala mumdima ndi loadshedding tinkadziwa kuti mbali ina inachokera kumeneko. Kwathu Cashgate ya 2013 chimodzimodzi, mabiliyoni kutuluka pa kompyuta ya ku Capital Hill kupita ku makampani omwe sanagulitse kanthu ku boma. Palibe mpeni, palibe mfiti zitatu, ndi invoice basi. Ngati pali wa m'buku wofanana nawo ndi Chief Nanga wa Achebe mu A Man of the People ya 1966, womwetulira, wokondedwa ndi anthu akwawo chifukwa akadya amagwetsako nyenyeswa.

Koma chomwe chimandiwawa ine ndi mzinda uno womwe ndimauzungulira tsiku lonse pa njinga. Chichitikireni mavoti a 2021 mpando wa meya wangokhalira kusinthana, Phalatse, Morero, Phalatse kachiwiri, Amad, Gwamanda, Morero kachiwiri, awiri mwa amenewa ochokera ku chipani cha mipando itatu yokha pa 270, chifukwa zipani zikuluzikulu zinkagawana maudindo kuseri. Nthawi yomweyo msewu wa Bree, womwe pano ndi Lilian Ngoyi, unaphulika mu July 2023 nkukhala chitsekere nthawi yaitali, laibulale yaikulu ya mu town inakhala yotseka zaka. Kenako pa 31 August 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown inapsa, anthu 76 anafa, ana omwe, ndipo a Malawi anzathu analipo pakati pawo. Nyumba ija mwini wake ndi khonsolo ya mzinda, ndipo komishoni ya Justice Khampepe inapeza kuti khonsolo inkadziwa momwe zinthu zinalili koma sinachitepo kanthu. Palibe amene anadana ndi anthu aja ngati momwe Ahabu anachitira ndi Naboti, kungoti panalibe amene ankawawerengera, aliyense maso ali pa mpando. Nde ndifunse, m'mabuku akalewo muli nkhani ya munthu wopha anzake pongosalabada basi?

mlonda_wa_usiku, Rosettenville

Aise wa njinga wandikhudza, ya Usindiso ija mpaka pano ndikadutsa cha kumeneko mtima umandiwawa. Aphunzitsi nanu zoona, mitembo ya m'njira. Pali anthu awiri mu Macbeth omwe sindinamvepo wina akuwatchula, alonda a pakhomo pa chipinda cha Duncan. Lady Macbeth anawaledzeretsa ndi zakumwa zothira mankhwala, anawapaka magazi ali mtulo nkuwasiyira mipeni, m'mawa mwake Macbeth anawapha asanatsegule nkomwe pakamwa nkumati wachita chifukwa chokonda mfumu. Maina awo sitiwadziwa. Ife a ntchito imeneyi timazidziwa, katundu akasowa pa site oyamba kuwaloza ndi ife ngakhale makiyi a stoo amasunga mabwana, ndipo ukakhala wobwera wopanda pepala lokwanira sungayankhe nkomwe. Mu Animal Farm ya George Orwell namo Boxer, hatchi yomwe inagwira ntchito kuposa nyama zonse, itatha mphamvu nkhumba zinaigulitsa kwa opha mahatchi ndalama yake nkugulira kachasu wa azungu, ndipo buku limatha nkhumba zikadali pampando. Nde mwina Orwell mu 1945 anali atasiya kale zotitonthoza.

aphunzitsi_akale, Yeoville

Mphwanga wa njinga, za Kamuzu Academy wanena zoona, buku palokha silisintha mtima wa munthu. Koma ikanso pambali pake Nyerere wa ku Tanzania, amene anamasulira Julius Caesar m'Chiswahili ali pampando ndipo mu 1985 anatula yekha udindo. Ku Robben Island akaidi ankabwerekana buku la masewero onse a Shakespeare, aliyense nkusaina pa ndime yomwe yamugwira mtima, Mandela anasaina mu Julius Caesar mu December 1977, ndipo munthu ameneyo analamulira teremu imodzi nkuchoka mu 1999 anthu akumufunabe. Nde zimatengera ukamawerenga ukudziika pa munthu uti.

A mlonda mwatchula alonda opanda maina, ine ndikupatsani wantchito wina wopanda dzina mu King Lear. Pomwe Cornwall, mwamuna wa Regan, akukolowola maso a nkhalamba Gloucester, akuluakulu onse ali chete, wantchito wake yemwe wamutumikira kuyambira ali mwana ndi amene anati bwana lekani. Anasolola lupanga nkumuvulaza, Regan anamubaya kumbuyo nkufera pomwepo, koma bala lija ndi lomwe linadzapha Cornwall. Mayi NaBanda amafunsa za mkulu mmodzi wa ku Yezreeli woti akanakana, ameneyu ndi yemweyo.

Ndipo kwathu anthu otere akhalapo, tisawaiwale pokhumudwa. Pa 8 March 1992 maepiskopi a Katolika anawerengetsa kalata yawo m'matchalitchi monse akudziwa kuti atha kuphedwa. Mwezi wotsatira Chakufwa Chihana anatsika ndege ku Lilongwe akudziwa kuti amumanga, ndipo anamumangadi. Pa 14 June 1993 anthu wamba anaponya voti pa nyali, chizindikiro cha ndale za zipani zambiri, ndipo mu 1994 Kamuzu anagonja nkuvomereza, chimenecho tiyenera kumupatsa. Mu July 2002 bilu yoti Muluzi aziimabe mopanda malire inagwa mu Nyumba ya Malamulo ndi mavoti ochepa chabe chifukwa aphungu ena anakana. Pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha tipeksi. Kuno Thuli Madonsela, yemwe anali Public Protector wofufuza madandaulo okhudza boma, analemba lipoti la Nkandla mu 2014 akunyozedwa mbali zonse, mu March 2016 Constitutional Court inagamula kuti Zuma analephera kuteteza malamulo a dziko, ndipo pa 14 February 2018 anatula pansi udindo. Si kudula mutu ngati kwa Macbeth ndipo ine sindifuna zodula mitu, tinaona mu July 2021 momwe anthu oposa 300 anafera zinthu zitasokonekera ku KZN ndi kuno ku Gauteng Zuma atatsekeredwa m'ndende, ofawo sanali a ku Nkandla.

wa_njinga_ya_delivale, Berea

Ndamva madala, anthu amenewo ndimawalemekeza. Koma pa R246 million ija Zuma anabweza R7.8 million yokha, ndipo a Gupta anapita ku Dubai, mu 2023 khothi la kumeneko linakana kuwatumiza kuno. Funso langa lija likadali pomwepo.

NaBanda_wa_Mvano, Turffontein

Mwanawe nkhani ukuifunayo ilipo, Luka 16 kuyambira vesi 19. Munthu wachuma wovala chibakuwa ndi nsalu zofewa, wodyerera tsiku ndi tsiku, ndi Lazaro wa zilonda atagonekedwa pachipata pake kulakalaka nyenyeswa za pagome. Werenga bwinobwino, palibe pomwe akuti anamumenya, kumuthamangitsa kapena kumulanda kanthu, ankangomudutsa polowa ndi potuluka. Ndipo sikuti sankamudziwa, dzina lake ankalidziwa, chifukwa ali m'mazunzo muja anamutchula pouza Abrahamu kuti tumani Lazaro aviike chala m'madzi adzandiziziritse lilime, atakanizidwa nkunenanso kuti nde mutumeni kwa abale anga asanu. Ngakhale ali kumeneko ankamuonabe ngati mnyamata woti azitumidwa.